Ku Kirstenbosch Tinaphunzira Kuyambira pa Mlambe

Ulendo wathu woyamba wa ku Kirstenbosch tinaukonzera pakhomo la tchalitchi, mapemphero atatha, m'mphindi zosakwana khumi. Wina anangoti, "Paja kuseli kwa phiriku kuli munda wa maluwa wotchuka uja, bwanji tikauone?" Tonse tinavomera. Tinagwirizana tsiku, tinasonkha ya galimoto, nkhani n'kuthera pomwepo. Panalibe amene anafunsa kuti mundawo ndi waukulu bwanji, ndi wachidikha kapena wamtunda, ndiponso kuti pakati pathu pali ndani amene sangathe kuyenda nthawi yaitali.

Ndife Amalawi okhala mumzinda wa Cape Town, ku South Africa. Ena timachokera ku Dunoon, ena ku Capricorn, ena ku Hout Bay, ndipo timakumana pa Sabata. Abambo ambiri amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga kunyumba za mabwana, amayi ambiri amagwira ya m'nyumba. Ife amene tikulemba tili m'kagulu koona zaumoyo pampingo. Ndife timayeza abale BP, ndife timawakumbutsa za madzi akumwa, mchere ndi kuyenda. N'chifukwa chake manyazi a zimene zinachitika tsiku limenelo ndi athu kuposa a wina aliyense.

Unali mwezi wa Januwale, dzuwa likuswa mtengo. Tinafika chakumasana chifukwa cha kudikirana. Pakati pathu panali agogo ena a zaka zopitirira 70, kwawo ku Mangochi, amene akukhala ndi mwana wawo kuno. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndiponso maondo. Iwo anabwera ndi cholinga chimodzi. Anamva kuti m'mundamo muli mlambe umene amausunga m'nyumba ya magalasi, ndipo chichokereni kumudzi anali asanauonenso mtengo umenewu. Nyumbayo ili pafupi ndi chipata chachikulu. Tinaidutsa.

"Tidzauona potuluka, agogo. Si uwu uli pakhomo pomwe?" tinawauza motero.

Achinyamata ataona chikwangwani cholozera njira yokwera phiri, anasowa. Ife tinapitirira kukwera mtunda pang'onopang'ono mpaka agogo anayamba phuma. Tinawakhazika pabenchi, tinawasiyira mtsikana mmodzi ndi botolo la madzi limene linali litafika kale pakati. Kenaka tinataya maola awiri tikufunafuna anyamata aja, mafoni awo osagwira. Pamene tinkatsika tonse, nyumba ya magalasi ija inali itatsekedwa. Amaitseka 5 koloko madzulo, mundawo usanatseke.

Agogo anangosuzumira pagalasi, n'kunena kuti, "Palibe kanthu ana anga, ndaona zambiri." M'galimoto pobwerera sanalankhulenso.

Kuyambira tsiku limenelo tinatsimikiza kuti tidzabwererako, koma titakonzeka. Zimene tinaphunzira pokonzekera ndi zimene tikugawana nanu pano.

Dziwani kaye kukula kwake

Kirstenbosch ali kummawa kwa phiri la Table Mountain, m'mbali mwa msewu wa Rhodes Drive, pafupifupi makilomita 13 kuchokera pakati pa mzinda. Malo onse ndi mahekitala 528. Mwa amenewa, 36 okha ndi olimidwa ndi kukonzedwa, ndiye kuti maekala pafupifupi 90, kapena mabwalo a mpira 50. Kwina konseko ndi nkhalango ndi tchire lachilengedwe lokwera mpaka kuphiri. M'mundamo muli mitundu ya zomera yopitirira 7,000, ndipo pafupifupi zonse ndi za kuno kummwera kwa Africa. Amene amauyang'anira ndi bungwe la boma lotchedwa SANBI.

Malowa adali a Cecil John Rhodes, amene adawagula mu 1895 ndipo adawasiyira dziko pomwalira mu 1902. Munda weniweniwo udayamba mu 1913 motsogozedwa ndi Harold Pearson, mphunzitsi wa za zomera. Iye adapeza malo atamera thengo, nkhumba zikungoyendayenda. Adagwira ntchito zaka zitatu zokha n'kumwalira mu 1916, ndipo manda ake ali m'munda momwemo. Mu 2004 bungwe la UNESCO lidaika zomera za chigawo cha Cape pamndandanda wa chuma cha dziko lonse, Kirstenbosch ali momwemo. Chigawochi chili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, ndipo yochuluka mwa iyo simera kwina kulikonse padziko lapansi.

Ziwerengero izi zikutiuza chinthu chimodzi chofunika kwa wokonza ulendo: munda umenewu sungathe tsiku limodzi. Komanso udayalidwa pamtsetse wa phiri, kotero kuti mukalowera kumunsi, paliponse pamene mukupita ndi pokwera. Munthu akafuna kuona zonse amangotopa, osaona kanthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinatenga mapu a mundawo, tinakhala nawo pansi, n'kusankha malo asanu okha. Posankhapo funso linali limodzi: kodi agogo angafikepo?

Tsiku ndi nyengo

Nyengo ya ku Cape Town ndi yosemphana ndi ya kwathu. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo dera la Newlands, kumene kuli mundawu, limalandira mvula yambiri kuposa madera ochuluka a mzindawu. Disembala mpaka Febuluwale ndi nthawi ya dzuwa ndi mphepo yamphamvu yochokera kummwera chakummawa. Maluwa amakhala pachimake kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, mvula ikamatha, kutentha kusanafike. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoyenda ndi okalamba ndi ana.

Za tsiku lenileni tinakambirana nthawi yaitali. Ambiri tinakulira m'mwambo wabwino woyenda m'chilengedwe pa Sabata masana. Koma apa pali chipata cholipira ndi galimoto yobwereka. Ena anati matikiti tikhoza kugula pa intaneti tsiku lokonzekera, ena mtima wawo sunakhale m'malo. Sitinafune kuti ulendo wopuma usanduke mkangano, kapena kuti wina atsale chifukwa cha chikumbumtima chake. Tsiku Loyamba linali lotheka, koma ena mwa ife amagwira ntchito, komanso m'miyezi yotentha madzulo a tsiku limeneli kumakhala zoimbaimba pakapinga, anthu ndi magalimoto n'kuchuluka. Pomaliza tinasankha 24 Seputembala, limene ndi tsiku la tchuthi m'dziko muno, ndipo chaka chimenecho linagwa mkati mwa mlungu.

Munda umatsegulidwa 8 koloko mmawa. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi umatsekedwa 7 koloko madzulo, miyezi inayo 6 koloko. Fikani mmawa. Popeza phiri lili kumadzulo kwa munda, chithunzithunzi chake chimagwa msanga, ndipo kukhoza kuzizira mwadzidzidzi ngakhale tsiku limene linayamba ndi dzuwa.

Ndalama ndi galimoto

Mtengo wa tikiti umasinthasintha, choncho ufunseni mlungu womwewo wa ulendo. Chimene tingakuuzeni n'chakuti okhala m'dziko muno ndi nzika za maiko a SADC amalipira zocheperapo kusiyana ndi alendo a kutsidya kwa nyanja, koma ayenera kuonetsa chiphaso. Aliyense atenge pasipoti kapena chitupa chake. Ana amalipira mtengo wawo wotsika.

Tinayamba kusonkha ndalama miyezi iwiri ulendo usanafike, pang'onopang'ono, ndipo msungichuma ankalemba m'kabuku. Pa mtengo wa munthu aliyense tinaonjezapo kangachepe kuti amene ali pa ulova asatsale. Sitinalengeze maina awo. Galimoto tinagwirizana ndi dalaivala mmodzi wa minibasi, ndipo tinamuuza nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Tinauzanso abale kuti 7 koloko ndi 7 koloko, wochedwa adzatipeza. Awiri anatsaladi, n'kutipeza pa thekisi. Palibe anadandaula, chifukwa lamulolo tinaligwirizana tonse.

Njira imene tinasankha

Malo oyamba anali nyumba ya magalasi ija, imene imatsegulidwa 9 koloko. Phunziro lathu ndi ili: chimene munthu wofooka kwambiri m'gulu wabwerera, chikhale choyamba. Osachiika kumapeto, mphamvu zitatha. M'nyumbamo amasungamo zomera za m'madera ouma ndi otentha zimene sizingapirire mvula yozizira ya ku Cape, ndipo mlambe uli pakati pake.

Malo achiwiri anali munda wa fungo. Zomera zake adazidzala pamalo okwera kufika m'chiuno kuti munthu asamawerame, ndipo apa amaloleza kukhudza masamba ndi kununkhiza. Pafupi pomwepo payambira kanjira ka anthu osaona, kokhala ndi chingwe chogwira ndi zikwangwani za zilembo zawo. Malo amenewa ndi abwino kwa ana. Auzeni atseke maso, agwire chingwe, anene zimene akumva.

Malo achitatu anali munda wa zomera zothandiza anthu: zakudya, zolukira, zomangira ndi za mankhwala. Zikwangwani zimafotokoza mmene anthu a kuno akhala akugwiritsira ntchito chomera chilichonse pa chifuwa, mutu, m'mimba kapena zilonda. Amayi anakhalitsa pamenepa. Apa ife a zaumoyo tinali ndi mawu, ndipo tiwabwereza kwa inu owerenga. Chikwangwani chikunena za mwambo wa anthu, si kalata ya dokotala. Musasiye mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa mwaona tsamba lolembedwa kuti limachiza. Zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo zomera zina zokongola ndi poizoni. Funsani kaye namwino kapena dokotala.

M'mundamo mulinso mtengo umene Nelson Mandela adadzala mu 1996. Dzina lake la sayansi ndi Warburgia salutaris. Khungwa lake ndi lowawa ngati tsabola ndipo ndi mankhwala otchuka, kotero kuti m'madera ambiri watsala pang'ono kutha chifukwa cha kusendedwa. Ife amene tinaona mmene mitengo ya mankhwala idathera m'mapiri a kwathu tinamva bwino tanthauzo lake.

Malo achinayi anali kachigwa kotchedwa Dell, mbali yakale kwambiri ya mundawu. Muli mthunzi, mitengo ikuluikulu ndi kasupe amene saphwa. Pakasupepo pali kadziwe ka njerwa kamene Colonel Christopher Bird adamanga cha m'ma 1811. Pamwamba pake pali zomera zooneka ngati kanjedza wamfupi zotchedwa cycad. Pakati pa izo pali mtundu wina, Encephalartos woodii, umene John Medley Wood adaupeza mu 1895 m'nkhalango ya Ngoye ku KwaZulu-Natal. Adapeza tsinde lachimuna lokha. Chachikazi sichinapezekepo mpaka lero, choncho mtengowu subereka mbewu, ndipo yonse imene ilipo padziko idachokera ku mphukira za tsinde lomwe lija. Ana anafunsa mafunso ambiri pamenepa kuposa pena paliponse.

Malo achisanu anali mlatho wodutsa pamwamba pa mitengo, umene amautcha Boomslang, dzina la njoka ya m'mitengo, chifukwa cha mmene umakhotera. Udatsegulidwa mu 2014 pokumbukira zaka 100 za mundawu. Ndi wautali mamita 130 ndipo pena umakwera mamita 12 kuchokera pansi. Umagwedera pang'ono anthu akamayenda, koma adaupanga choncho. Ukaima pakati pake umaona phiri kumbuyo, kutsogolo chidikha chonse cha Cape Flats kumene ambiri a ife timakhala. Njira yofikira pamlathowu ndi yokwera, ndiye tinagwirizana kuti amene watopa atsale ku Dell ndi anthu awiri, osati mmodzi.

Achinyamata tinawauza poyera kuti za phiri ndi ulendo wina, tsiku lina. Njira ya Skeleton Gorge imayambira m'munda momwemu n'kukwera mpaka pamwamba, ndipo nsonga ya phirili, Maclear's Beacon, ili pa mamita 1,086. Njirayi ili ndi makwerero ndi miyala yoterera, imatenga maola angapo, ndipo mtambo ukhoza kuphimba phiri nthawi ina iliyonse. Si yokwera ndi masilipasi ndi botolo limodzi la madzi monga anachitira iwo ulendo woyamba.

Za m'chikwama

Mlungu wa ulendo tinayeza BP onse a zaka zopitirira 50. Mmodzi tinamupeza nayo yokwera kwambiri, tinamutumiza kukiliniki, ndipo anabwera ulendowo atayambiranso mankhwala amene anali atasiya. Tinakumbutsa aliyense kumwa mankhwala ake a mmawa ndi kudya asananyamuke. A matenda a shuga tinawauza atenge nthochi kapena kachinthu kotsekemera, chifukwa kuyenda kumatsitsa shuga m'thupi. Tinagwirizananso kuti wina akamva chizungulire, phuma losazolowereka kapena kupweteka pachifuwa, anene nthawi yomweyo, tonse tiime, tiitane ogwira ntchito m'mundamo.

Aliyense anatenga madzi osachepera lita imodzi ndi theka, chipewa, juzi ndi nsapato zophwatalala. Amayi anatenga zitenje zoyala pansi. M'mundamo muli malo ogulitsa zakudya, koma mitengo yake si ya thumba lathu, ndipo kudyera pakapinga n'kololedwa. Kamba wathu anali mbatata yophika, mtedza wokazinga, buledi wabulauni wopaka chiponde, mazira owiritsa ndi malalanje. Kusonkha moto kapena kuotcha chilichonse n'koletsedwa, chimodzimodzi mpira ndi wailesi. Tengani jumbo ya zinyalala, mubwerere nazo kunyumba. Ndipo chonde, manja kumbuyo. Tikudziwana. Ambiri a ife tikaona duwa lokongola timafuna kuthyolako kanthambi kokadzala. Muno ndi mlandu. Amene akufuna mbande, pali malo ogulitsira pafupi ndi chipata chachiwiri.

"Ndikalipire kuti ndione maluwa?"

Pa nthawi yosonkha ndalama, bambo wina amene wagwira ntchito ya m'minda ya mabwana zaka zoposa khumi anakana kulembetsa. "Akulu," anatero, "ine mlungu wonse ndimakhala chowerama m'maluwa a eni ake. Ndiye patsiku langa lopuma ndikalipirenso ndalama kuti ndikaone maluwa?"

Tinaseka, koma funso lake linali loona. Tinasowa yankho mpaka akazi awo anati, "Bambo, m'maluwa mumakhalamo, koma munayamba mwakhalamo pansi?"

Anabwera. Ndipo tsikulo ndi iwo anasanduka mphunzitsi wathu. Ankadziwa maina a zomera ambiri osawerenga chikwangwani. Anationetsa duwa lalikulu la king protea, limene ndi duwa la dziko la South Africa, n'kutikumbutsa kuti abale ake amameranso pa Nyika ndi pa Mulanje. Anationetsa mtengo wa masamba onyezimira ngati siliva umene kwawo kwenikweni ndi m'mbali mwa phiri lomweli. Anafotokozera ana kuti tchire la kuno, limene amalitcha fynbos, limafuna moto pakapita zaka kuti mbewu zake zimere, ndiponso kuti silifuna feteleza wambiri chifukwa lidazolowera dothi losauka. Anthu amene timapemphera nawo Sabata lililonse anazindikira tsiku limenelo kuti mbale wawo ndi katswiri.

Iwo omwewo ndi amene anatilozera katchalitchi ka miyala kali tsidya la msewu, ka Good Shepherd. Pamenepo padali mudzi wa Protea Village. Abambo ambiri a m'mudzimo ankagwira ntchito m'munda wa Kirstenbosch, koma m'zaka za m'ma 1960 boma la tsankho lidawasamutsa mokakamiza n'kukawataya ku Cape Flats. Mkati mwa munda mulinso zotsalira za mpanda wa mitengo umene Jan van Riebeeck adadzalitsa mu 1660 kuti ukhale malire pakati pa atsamunda ndi eni nthaka, anthu a mtundu wa Khoikhoi. Ndi bwino ana athu adziwe zimenezi. Malo amene lero tikulowa ndi tikiti, n'kuyala chitenje popanda wotithamangitsa, sadali otseguka chotere kwa aliyense kuyambira kale.

Kwa inu amene muli kutali ndi Cape Town

Mwina mukuwerenga muli ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe. Minda yotere iliponso pafupi nanu. Ku Zomba ulipo munda wakale m'tsinde mwa phiri, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu iliponso, ku Harare kuli waukulu, ndipo kufupi ndi Lusaka kuli Munda Wanga. Makonzedwe ake ndi omwewa. Dziwani kukula kwa malo ndi nthawi yotseka. Sankhani zochepa. Lembani maina a onse opita, ndipo pafupi ndi dzina lililonse muganizire za miyendo yake, mankhwala ake ndi thumba lake. Kenaka funsani munthu wofooka kwambiri chimene akufuna kukaona, muyambire pamenepo. Amphamvu sataya kanthu poyenda pang'onopang'ono, koma wofooka amataya ulendo wonse gulu likathamanga.

Pa 24 Seputembala tinafika pachipata nthawi isanakwane 9 koloko. Nkhanga zinali zikutolatola pakapinga, mame asanaume. Chitseko cha nyumba ya magalasi chitangotsegulidwa, tinawauza agogo kuti atsogole. Analowa ndi ndodo yawo, ife tonse pambuyo. Anaima pansi pa mlambe nthawi yaitali, akuuyang'ana kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

"Ndi mwana uyu," anatero pomaliza. "Wa kwathu uja, anthu khumi sangauzungulire."

Kenaka anaitana adzukulu, amene anabadwira kuno ndipo malambe amangowadziwa a m'mapaketi obwera pa basi. Anayamba kuwafotokozera mmene ankagendera malambe ali atsikana, mmene ankaswera chigoba pamwala, mmene amayi awo ankathirira ufa wake m'phala, ndi mmene masamba ake anthete ankakhalira ndiwo. Papepala lathu tinali titalemba kuti pamenepa tikhala mphindi makumi awiri. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu, ndipo palibe amene anayang'ana wotchi.

Ku Boomslang agogo sanafike. Anatsala ku Dell, pamthunzi, ndi amayi awiri a Dorika, akumvera madzi a kasupe. Pobwerera m'minibasi ndi iwo amene anayambitsa nyimbo, ndipo tisanatsike anafunsa msungichuma kuti za chaka chamawa tiyamba liti kusonkha.